Ana Anayi a Khola 12

Lamlungu, 9 Malichi

Ndinalowa ndekha ku ntchito, Lamlungu sikukhala munthu. Makola 40 a mbewa zoyera za kafukufuku. Utuchi watsopano, madzi m'mabotolo, chakudya. Fungo lakanirira m'malaya, amake mwana akuti ndizivulira pakhomo.

Ya m'khola 12 inaswa dzulo ana 11. M'mawa ndapeza 9. Awiri yadya, kwatsala timitu. Ndi yoonda, mawere sakukwanira. Ana anayi yawakankhira pakona, ozizira, m'mimba mopanda kanthu. Ya m'khola 7 inaswanso dzulo, atatu okha, mkaka mbwee. Ndatenga anayi aja, ndawagubuduza mu utuchi wa khola 7 kuti fungo lifanane, ndawalowetsa pansi pa mayi wa eniyo. Inanunkhiza kawiri n'kugona. Pofika 12 koloko onse akuyamwa. Ndi mmene tinkachitira ndi ana a nkhumba kwa amalume. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pa makadi ndalemba khola 7 ana 7, khola 12 ana 5. Khadi lili ndi malo a nambala ya mayi, nambala ya bambo, tsiku, ana angati. Malo a woyamwitsa palibe.

Amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere anamuchotsa chifukwa ana ankafa kwambiri. Ine sindikufuna zimenezo. Kontirakiti yanga ikutha pa 31 Meyi. Akaonjezera, khadi lobiriwira la ku kiliniki ya antchito likhala langabe. Ndi khadi limeneli mwana wanga amaonedwa ulere, mankhwala opopera ulere. Ndicho ndimadzukira.

Lachitatu, 12 Malichi

Zomwezija. Awiri a khola 21 ndawapititsa ku 18. Apulumuka.

Mwana wakwana miyezi 8. Chifuwa chayambanso, akamapuma mukulira ngati muli kamphaka. Apongozi abwera kudzathandiza, agona pabalaza. Afika ndi chikwama chachikulu, osati cha masiku awiri.

Mlamu wanga anawaperekeza. Anandipatsa moni wake uja, "Muli bwanji abusa a makoswe, ziweto zadzuka?" Ndinaseka. Iye ntchito alibe.

Lolemba, 31 Malichi

Tsiku loboola makutu. Ine kugwira pakhosi ndi mchira, a Dokotala, omwe ndi akuluakulu a pano, kuboola. Mwana aliyense wapatsidwa nambala ya khola lomwe wapezekamo. A khola 7 onse asanu ndi awiri, onenepa, osasiyana. Ine ndekha ndikudziwa anayi aja, michira yawo ndi yaifupi pang'ono.

A Dokotala anati, "Mwezi uno ana sanafe ambiri. Pitiriza choncho." Koyamba kundilankhula osayang'ana pepala.

Bambo wa khola 7 ndimamutcha Ndevu. Yamphongo yaikulu, nambala 114, ndevu zake zopindikira pansi. Anadwala chaka chatha matenda omwe amabaya mbewa pano n'kuchira yekha. Sandiluma. Ndikatsegula khola amakwera pa golovesi n'kukhala ngati walipira.

Lachiwiri, 22 Epulo

Lero abaya ana onse tizilombo ta matenda. 236. Maski awiri, magolovesi awiri, thukuta mpaka m'nsapato. Kuyambira mawa ndiziwerenga akufa kawiri pa tsiku, kulemba nambala ya khutu.

Kunabwera mayi wa pa ofesi ya m'mwamba, amene amawerengetsera zonse pa kompyuta. Anthu amangoti a Masamu. Aafupi, magalasi a chingwe. Anabwera kudzaona mashelefu, akuti akufuna adziwe khola liti lili pafupi ndi chitseko. Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti timaberekeranji mbewa n'kumazidwalitsanso. Miyezi isanu ndili pano palibe anandiuzapo.

Anatembenuza khadi lopanda ntchito n'kujambula mizere. Mzere uliwonse banja limodzi. Anati, "Ana a mimba imodzi akamafa pamodzi kapena kupulumuka pamodzi, kuposa mmene zikanakhalira utangowatola mwachisawawa, ndiye kuti kulimbako kuli m'magazi." Ndinafunsa chifukwa chake makola 40, osangotenga asanu. Anatulutsa ndalama yachitsulo, kuiponya katatu, katatu konse mutu. "Ndiye tinene kuti ilibe mbali inayo?"

Ndinamva. Zosavuta. Kenako anati, "Ine mbewa sindiziona. Ndimaona makadi anuwa. Khadi likanama, ine ndimanama nalo, kompyuta imanama, a Dokotala akanama pamaso pa anthu."

Tsiku loyamba pa ntchito anandiuza kuti mbewa isachoke m'khola lake. Ine ndinkayesa akunena zothawa ndi zolumana.

Loweruka, 26 Epulo

Akufa 11. Ubweya kuimirira, maso kutsinzina, kukhala pakona. Mawa lake wapita.

Dzulo masana anandiitana ku geti. Amake mwana ali ndi mwana kumbuyo, milomo ya mwanayo yada. Tinathamangira ku kiliniki. Anesi angoona khadi lobiriwira, palibe funso, makina a nthunzi pamphuno. Mphindi 40. Mwana anayamba kukoka chingwe cha makinawo, ndipamene ndinadziwa kuti wabwerera.

Pobwera apongozi anati, "Kwathu chifuwa chotere kulibe. Ana anga onse asanu ndi awiri ali moyo. Izi ndi zakuchimuna." Ananena akupinda matewera, osakweza mawu. Amake mwana anayang'ana pansi.

Amayi anga anabereka 6, tatsala 3. Mng'ono wanga anapita ndi chifuwa ali ndi zaka ziwiri. Ndikukumbukira phokoso lake. Ndi lomweli.

Lachiwiri, 6 Meyi

Masiku 14 akwana. Akufa onse 121.

Khola 7, afa anayi, atsala atatu. Anayiwo ndi a michira yaifupi aja. Onse. Ndinawanyamula ndekha mmodzimmodzi, tsiku la 5, la 6, awiri la 8. Ana enieni a Ndevu ali gwa, akudya, akukwera waya.

Khola 12, afa awiri, atsala atatu.

Ndiye mkaka wa eni sunawathandize. Ndinangowatalikitsira masiku. Ndaganiza zimenezi tsiku lonse ndikutsuka mabotolo. Mwana wanga amayamwa bwino, ndi wonenepa, anthu amayamikira.

Lolemba, 12 Meyi

A Masamu atsika ndi pepala. Lamulo lake losavuta. Bambo amene ana ake apulumuka oposa theka asungidwa kuti abereke gulu lotsatira. Ena onse ku bokosi la mpweya wophera Lachisanu, ana awo otsala Lachisanu linalo.

114, atatu mwa 7. Mzere wofiira.
Bambo wa khola 12, nambala 131, atatu mwa 5. Asungidwa.

Ndawerengera kuseri kwa thumba la chakudya. Zoona zake Ndevu ndi atatu mwa atatu. 131 ndi atatu mwa 9. Sitandade 7 yanga ikukwana pamenepa.

A Masamu anaima pa khola la Ndevu nthawi ndithu. Anati, "Uyu wandikhumudwitsa. Makolo ake olimba, iye wolimba, mkazi wolimba. Ana kufa chonchi. Akundisokonezera nambala yonse." Ndevu anaima ndi miyendo iwiri kununkhiza cholembera chawo.

Ndinatsegula pakamwa. Chomwe chinatuluka ndi choti babu la pa shelefu yachitatu likuthima.

Lachinayi, 15 Meyi

Ndinakwera masitepe mpaka pa chitseko chawo. Ndinamva akuseka pa foni. Ndinatsika.

Ndawauza amake mwana tikuyanika zovala kuseri, apongozi asamve. Zonse, kuyambira Lamlungu lija. Anapitiriza kuyanika, chopanira chili pakamwa. Kenako anati, "Atsala masiku 16, bambo ake. Mbewa ndi mbewa. Akakulandani khadi mwanayu muzikamupopera ndi chiyani, chilungamo?"

Sanalakwe. Mankhwala opopera ku famase ndi malipiro a sabata yathunthu. Makina a nthunzi kwina ndi pamzere kuyambira m'mawa, mwana akubanika m'manja.

Anawonjezera, "Munawathandiza ana aja. Amene sanakuuzeni ndiye olakwa." Mwina. Koma tsopano anandiuza.

Lachisanu, 16 Meyi

Amphongo 23. Bokosi limalowa asanu.

Ndevu ndinamuika gulu lomaliza. Ndinayang'ana chitseko kangapo, kaya ndimadikira ndani. Anakwera pa golovesi yekha.

Mphindi zitatu. Thumba lachikasu, firiji, kusaina.

Masana sindinadye. Khola lake ndatsuka kawiri, khadi ndaika m'thumba m'malo motaya.

Lamlungu, 18 Meyi

Sindinalowe, ndi Lamlungu la mnzanga. Mwana ali bwinoko. Wayamba kuimirira atagwira mpando, kugwa, kuseka. Mano awiri m'mwamba.

Kunabwera azakhali a amake mwana. Tiyi, mabisiketi, nkhani ya chifuwa. Ndinali pakhonde kukonza chogwirira cha ndowa, zenera lotsegula. Apongozi anati, "Mbewu ikakhala yofooka ngakhale uthire manyowa." Azakhali anati za mwana wachiwiri aganize kaye. Akunena za ana anga ine ndili pompo ndi waya m'manja.

Ndinakwiya, kenako mkwiyo unatha wokha. Iwo akuwerenga zomwe aona, asanu ndi awiri kwawo, atatu mwa 6 kwathu. Mzere wofiira. Sakudziwa kuti kwathu chipatala chinali ulendo wa tsiku, ndipo tinkagona m'chipinda chophikira, utsi mpaka m'mawa. Pa khadi lawo malo a zimenezo palibe.

Mwinanso akunena zoona. Anayi aja anafa ndithu.

Lolemba, 19 Meyi

131 tamuika ndi zazikazi zitatu. A Dokotala akuti mbewa zonse za chaka chamawa zichokera mwa amphongo 17 otsalawa. Chaka chonse. Ine ndizidzatsuka makola a ana ake, kuwaona akufa, kulemba manambala, a Masamu kumtunda akudabwa.

Ana atatu a Ndevu ali pa ndandanda wa Lachisanu likubwerali. Amphongo awiri, yaikazi imodzi. Mmodzi ndevu zake zayamba kupindika.

Atsala masiku 12. Mlandu suola, amalume ankatero, koma iwo analibe mwana wa chifuwa.

Lachiwiri, 20 Meyi

Ndanena.

Sindinakonze. A Masamu anatsika kudzatenga makadi akale, anasowa la 114. Ndinalitulutsa m'thumba la ovolosi, lopindika. Anafunsa chifukwa chake ndikusunga. Basi zinangotuluka. Ndinayamba ndi nkhumba za amalume, kaya chifukwa chiyani.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anavula magalasi n'kukhala pa thumba la utuchi. Funso loyamba, "Kangati?" Kawiri. "Makola ati, tsiku liti, ana angati? Osandiuza zoganizira." Ndinati ndinalemba m'kabuku kanga kunyumba. Anandiyang'ana. "Munalemba?" Ndinati ndimalemba zonse, mutu wanga susunga.

Akufuna kabukuka mawa. Ndinati muli za kunyumba. Anati ndipinde masamba enawo, koma ndisang'ambe, chifukwa a Dokotala afuna aone kuti madeti akutsatana, sindinalembe dzulo.

Pomaliza anati, "Mukananena Lachinayi." Ndinati ndinafika pa chitseko.

A Masamu awauza okha a Dokotala. Ine a Dokotalawo anangondidutsa m'khonde, maso pa pepala.

Kunyumba ndanena titatha kudya. Amake mwana anatenga mbale n'kutuluka. Anazitsuka nthawi yaitali, mbale zinayi.

Muno ndalemba za apongozi, za mng'ono wanga. Ndipinda. Mawa kapita.

Lolemba, 26 Meyi

Kabuku kabwera. Masiku asanu opanda polemba, ndinkangoyendayenda.

Lachisanu ana a Ndevu sanalowe m'bokosi. A Masamu anatsika okha m'mawa kudzamata pepala pa khola lawo, OSAKHUDZA. 131 tamuchotsa kwa zazikazi zija, koma ziwiri zatenga kale bere. Ana akabadwa ndi a bokosi. Ntchito ina ya manja anga, kapena a wina.

Awiri a khola 21 aja sitingawadziwe, michira yofanana. Mabanja 18 ndi 21 awachotsa onse m'chiwerengero. Ana 13 anabayidwa pachabe.

A Masamu anandiitana kumtunda, koyamba kulowa. Kapeti, fani, makompyuta awiri. Anandionetsa timadontho pa galasi, kale ndi tsopano. Kadontho ka 114 kanali m'munsi, tsopano kali pamwamba pa onse. Anati, "Atatu ndi ochepa, sindingalumbire. Koma ndikaphatikiza makolo ake ndi abale ake, ameneyu ndiye anali woyamba mwa onse 40."

Anali.

Ndinafunsa nambala yomwe ankaifuna ija. Anati tikagawa kusiyana kwa mbewazi pa magawo khumi, atatu ndi magazi, mwina anayi. Otsalawo ndi mkaka, kuzizira kwa pa shelefu, kuchuluka m'khola, ndi mwayi chabe. Ndinafunsa ngati ndi chimodzimodzi kwa anthu. Anati ayi, iyi ndi nambala ya mbewa izi, matenda awa, chipinda ichi. Siinena za mbewa imodzi, imanena za gulu.

Ndikutuluka anati, "Apongozi anu akuwerenga khola limodzi. Khola limodzi silinena kanthu." Ndiye masamba opinda aja anawatsegula. Ndinachita manyazi mpaka m'makutu. Sindikudziwa ngati ndakwiya.

Ndawauza apongozi za magawo khumi, atatu okha ndiye magazi. Sindinanene kuti ndi za mbewa. Anati, "Atatuwo ndiye anuwo."

Lachitatu, 28 Meyi

Kalata. Mizere inayi. Sawonjezera.

A Dokotala anandipatsa okha, ataima. Anati sakundithamangitsa, kontirakiti yangotha. Anati amene amapereka ndalama za kafukufuku afunsa chomwe chachitika ndipo payenera kukhala yankho. Yankho ndi ine. A Masamu akuti anandilankhulira, anati munthu wolemba madeti sapezeka wamba. Sizinathandize.

Asindikiza makadi atsopano. Pansi pa nambala ya mayi pali mzere wina, woyamwitsa. Ndawadula ndekha ndi lumo, 200.

Amake mwana anawerenga kalata kawiri, kuipinda, kuiika pansi pa wailesi. "Chabwino, bambo ake." Mawu atatu kuyambira dzulo. Mlamu wanga akuti kumalo otsukira magalimoto akufuna munthu, iyenso akupita kukayesa. Sanatchule za makoswe.

Tsiku la mwana ku kiliniki linali pa 3 Juni. Ndapita kwa anesi kukapempha. Asintha, Lachisanu.

Lachisanu, 30 Meyi

M'mawa makola onse 40, komaliza. Mwana wa Ndevu wa ndevu zopindika amupatsa zazikazi ziwiri. Khadi ndalemba ine. Bambo ake 114. Woyamwitsa, mayi ake omwe. Ndinaika dzanja m'khola, anandiluma. Golovesi kubooka.

Makiyi, ovolosi, nsapato za mphira, kusaina.

2 koloko ku kiliniki. Sikelo 8.4, wakwera. M'chifuwa mukulirabe pang'ono kumanzere. Anesi anati tisasiye kupopera ngakhale aoneke bwino, makamaka kukamazizira. Anapereka botolo limodzi, lamulo ndi limodzi. Anayang'ana kukhomo ngati aganiza zina, kenako anatseka kabati. Khadi lobiriwira analidula pakona n'kuliponya m'bokosi.

Pobwerera amake mwana anandipatsa mwana kuti ndinyamule ine. Anagona paphewa, mpweya wake m'khosi mwanga. Ndinkamvetsera njira yonse.

Pa botolo alemba 200. Timapopera kanayi pa tsiku. Masiku 50. Lakale latsala mwina masiku 6, ndaligwedeza. 56, chifuwa chikapanda kukula.

Kunja kwayamba mphepo.